William McGregor, wogulitsa nsalu amene adayambitsa ligi ya ku England

Pa 2 Malichi 1888, mkulu wina wogulitsa nsalu mumzinda wa Birmingham ku England adalemba kalata yopita ku matimu asanu a mpira wamiyendo. Matimuwo adali Blackburn Rovers, Bolton Wanderers, Preston North End, West Bromwich Albion ndi Aston Villa, timu yomwe mkuluyo adali mmodzi mwa atsogoleri ake. Pempho lake lidali lalifupi: matimu 10 kapena 12 amphamvu m'dzikomo agwirizane zoti chaka ndi chaka azikumana kawiri, pakhomo ndi koyenda, pa masiku okonzeratu. Mkuluyo adali William McGregor, ndipo kalatayo ndiyo idabala Football League, ligi yakale kuposa ina iliyonse pa mpira wamiyendo.

Masiku ano munthu akamva za ligi amaganiza za zinthu ziwiri, timu yomwe itenge ukatswiri ndi matimu omwe nkhwangwa iwadule. M'kalata ya a McGregor mudalibe zonsezi. Simudatchulidwe mapointi, chikho, kukwera kapena kutsika. Chimene iwo ankafuna chidali chakuti Loweruka likakwana, timu yomwe idalonjeza kubwera ibweredi. Zinazo zidadza pambuyo, chimodzichimodzi, ndipo zina mwa izo zidabadwa m'mikangano ndi m'manyazi.

A McGregor adabadwa pa 13 Epulo 1846 m'mudzi wa Braco, m'dera la Perthshire ku Scotland. Adaphunzira ntchito yogulitsa nsalu mumzinda wa Perth, ndipo mu 1870 adatsatira mbale wawo Peter ku Birmingham, komwe adatsegula sitolo yawo mumsewu wa Summer Lane, kufupi ndi dera la Aston. Sadali wosewera mpira wotchuka. Adali munthu wa mabuku a ndalama, wosalawa mowa, wopemphera mumpingo wa Congregational, ndipo pandale ankatsatira chipani cha Liberal. Koma mpira adaukonda kwambiri, moti Loweruka ankatseka sitolo msanga kuti akaonere masewero. M'sitolomo adayambanso kugulitsa zovala za mpira, ndipo posakhalitsa padasanduka pamalo pomwe okonda mpira ankakumana n'kumakambirana.

Mu 1877 adalowa m'komiti ya Aston Villa, timu yomwe idali itangokwanitsa zaka zitatu. Idayambitsidwa ndi anyamata a tchalitchi cha Wesleyan ndipo mudali anthu angapo ochokera ku Scotland, zinthu ziwiri zomwe zidawakopa. Timuyo idali pa umphawi. Anthu olanda katundu chifukwa cha ngongole atatenga zina mwa zinthu zake, a McGregor adalola kuti zotsalazo zizisungidwa m'sitolo mwawo. Mu 1880 Villa idapata chikho chake choyamba, cha Birmingham Senior Cup, ndipo mu 1887 idatenga FA Cup itagonjetsa West Bromwich Albion 2-0. Chizindikiro cha mkango woimirira, chomwe chili pa yunifolomu ya Villa, ambiri amati adachibweretsa ndi iwo kuchokera kwawo ku Scotland.

Kuti timvetse chifukwa chomwe kalata ija idalembedwera, tiyenera kubwerera ku mkangano wa malipiro. Bungwe la Football Association, lomwe ambiri amangoti FA, lidakhazikitsidwa mu 1863 ndi anthu ochita bwino a kummwera kwa England, amene ankati mpira ndi masewera osangalatsa thupi, osati ntchito. Kumpoto zinthu zidali zosiyana. M'matauni a mafakitale a thonje m'chigawo cha Lancashire, anthu apantchito ankaweruka masana Loweruka n'kukhamukira ku mabwalo, ndipo ankalipira pakhomo. Matimu adayamba kuitana akatswiri kuchokera ku Scotland, kuwapezera ntchito m'mafakitale ndi kuwapatsa ndalama mobisa. Mu 1884 Preston idachotsedwa mu FA Cup chifukwa cha nkhani yomweyi, ndipo matimu akumpoto adaopseza kuti apanga bungwe lawolawo. Pa zokambirana zomwe zidatsatira, a McGregor adaima poyera kuikira kumbuyo malipiro, ndipo sadabise kuti timu yawonso inkalipira osewera. Mu Julaye 1885 FA idagonja n'kuvomereza.

Apa vuto latsopano lidayamba. Wosewera wolembedwa ntchito amafuna malipiro sabata iliyonse, pomwe ndalama zinkalowa mwa apo ndi apo. Kupatula zikho, masewero onse adali apaubale, okonzedwa ndi alembi a matimu kudzera m'makalata. Timu ikapeza mdani wina wokopa anthu ambiri, inkangosiya pangano loyambalo. Ikakhala ndi masewero achibwereza a chikho, inkatumiza uthenga wopepesa, kapena kutumiza osewera osadziwika. Timu yotuluka msanga mu FA Cup inkatsala ndi miyezi yambiri yopanda chokopera anthu. Villa yomwe idakhalapo masabata asanu otsatizana osasewera chifukwa masewero ake adalephereka. Kwa munthu wamalonda izi zidali ngati kulipira antchito m'sitolo yomwe sukudziwa ngati mawa utsegula.

Msonkhano woyamba udachitika pa 23 Malichi 1888 ku Anderton's Hotel mumzinda wa London. Tsikuli lidasankhidwa mwanzeru, popeza mawa lake kudali ndime yomaliza ya FA Cup ndipo akuluakulu ampira adali kale mumzindamo. Wachiwiri udachitika pa 17 Epulo ku Royal Hotel mumzinda wa Manchester, ndipo kumeneko ndi komwe matimu 12 adakhazikitsidwa: Accrington, Aston Villa, Blackburn Rovers, Bolton Wanderers, Burnley, Derby County, Everton, Notts County, Preston North End, Stoke, West Bromwich Albion ndi Wolverhampton Wanderers. Asanu ndi imodzi adali a ku Lancashire, otsalawo a m'chigawo chapakati. Ya ku London padalibe ndi imodzi yomwe. Nottingham Forest ndi The Wednesday ya ku Sheffield zidafuna kulowa koma zidakanidwa, poti masiku opezeka adali 22 okha, okwanira matimu 12. Tiyenera kunena mosabisa kuti matimuwa sadalowe chifukwa chopambana mpikisano wina uliwonse. Adasankhana okhaokha, poyang'ana mphamvu, kuchuluka kwa anthu pakhomo ndi ubale womwe udalipo kale.

Pa dzina, a McGregor adagonja. Iwo ankafuna kuti bungwelo lizitchedwa Association Football Union, koma anzawo adati likufanana kwambiri ndi la bungwe la rugby. Dzina loti Football League lidadza ndi William Sudell, mkulu wa Preston. A McGregor sadalikonde poopa kuti anthu azilikumbukira pamodzi ndi Land League, gulu la ku Ireland lomenyera nkhani za malo, lomwe ambiri ku England ankadana nalo. Mawu amenewa, omwe ife tidawasandutsa ligi, pachiyambi ankatanthauza mgwirizano wa anthu kapena magulu a cholinga chimodzi. Tanthauzo loti mpikisano, lomwe ndi lokhalo timalidziwa m'Chichewa, lidakula chifukwa cha masewera. Mbiri ya liwuli ikufanana ndi mbiri ya bungwe lenilenilo: lidayamba ngati pangano la ogwirizana, kenako n'kusanduka bwalo la olimbana.

A McGregor adasankhidwa kukhala wapampando woyamba, ndipo masewero adayamba pa 8 Sepitembala 1888. Villa idapita ku Wolverhampton komwe idalepherana ndi eni bwalo 1-1, ndipo chigoli cha Wolves adachimwetsa ndi wotchinga kumbuyo wa Villa yomwe, Gershom Cox, yemwe adagoletsa ku golo lake. Chodabwitsa n'chakuti tsikulo padalibe yemwe akadanena kuti kulepheranako kwapindulira timu chiyani, chifukwa njira yowerengera idali isadagwirizanidwe. Mpaka mu Novembala, ligi ili mkati, ndi pomwe adamanga mfundo yoti wopambana azilandira mapointi awiri ndipo olepherana imodzi aliyense. Ena ankafuna kuti aziwerenga masewero opambana okha, koma maganizo awo adagwa pa voti. Mfundo ya mapointi awiriyi idakhala zaka zoposa 90, kufikira mu 1981 pomwe England idayamba kupereka atatu.

Chaka choyambacho njira iliyonse ikadapereka katswiri yemweyo. Preston, yodzaza ndi osewera a ku Scotland omwe Sudell adawasonkhanitsa, idapambana masewero 18, kulepherana 4, osagonja ndi kamodzi komwe. Idagoletsa zigoli 74 n'kumwetsedwa 15, ndipo idamaliza ndi mapointi 40. Villa idali yachiwiri ndi 29. Preston idatenganso FA Cup popanda kumwetsedwa chigoli, ndipo mu 1890 idatetezanso ligi. Chikho choti akatswiri anyamule kudalibe. Chidayamba kuperekedwa mu 1891, ndipo Everton ndiyo idayamba kuchilandira. Kuchokera mu 1890 Preston sidatengenso ligi, ndipo Sudell adamangidwa mu 1895 atapezeka kuti ankatenga ndalama za fakitale yomwe ankayendetsa n'kumathandizira timuyo.

Nkhani ya kumunsi kwa ndandanda ndiyo idavuta. Popeza gawo lidali limodzi, kudalibe kotsikira. Lamulo lidali loti matimu anayi omalizira azipemphanso malo pamsonkhano wapachaka, pamodzi ndi matimu akunja ofuna kulowa, ndipo mamembala azivota. Aliyense angathe kuona pomwe padagona vuto: ovota adali anzawo a opempha. Mu 1889 onse anayi, Burnley, Derby County, Notts County ndi Stoke, adabwezeredwa malo awo. Mu 1890 Stoke, itamalizanso kumchira, idataya malo ake kwa Sunderland, ndipo Sunderland idalandiridwa italonjeza kuti izithandiza alendo ake pa ndalama zoyendera, popeza kwawo kudali kutali. Patangotha zaka ziwiri timu yobwerayo idatenga ligi, ndipo idatenganso mu 1893 ndi mu 1895. Umenewu udali umboni wokwanira woti kunja kwa mpanda kudatsala matimu oposa ena a mkati.

Matimu otsala kunjawo sadakhale manja lende. Mu 1889 adayambitsa ligi yawo, Football Alliance, momwe mudali Forest, The Wednesday, Small Heath yomwe idadzakhala Birmingham City, ndi Newton Heath yomwe idadzakhala Manchester United. Mu 1892, chaka chomaliza cha a McGregor pampando, ligi ziwirizi zidaphatikizana. Gawo loyamba lidakhala ndi matimu 16 ndipo lachiwiri 12. Uwu ndi umene tingautche makwerero oyamba pa mpira, koma matimu akale sadafune kuti munthu azingokwera chifukwa wamaliza pamwamba. Adakonza masewero oyesana pakutha pa chaka: matimu atatu apansi m'gawo loyamba ankakumana ndi atatu apamwamba m'gawo lachiwiri, ndipo wopambana ndiye ankapatsidwa malo kumwamba.

Chaka choyamba chomwecho chidaonetsa kupanda chilungamo kwa njirayi. Small Heath idatenga ukatswiri wa gawo lachiwiri mu 1893, koma idagonja 5-2 kwa Newton Heath m'masewero achibwereza n'kutsala pomwe idali. Sheffield United ndi Darwen, zomwe zidamaliza pambuyo pake, zidapambana masewero awo n'kukwera. Accrington, imodzi mwa 12 zoyamba zija, itagonja kwa Sheffield United idasankha kutuluka mu ligi m'malo mosewera m'gawo lachiwiri, ndipo patapita zaka zochepa idatheratu. Ntchito ya miyezi isanu ndi iwiri inkatha kufafanizika m'masana amodzi.

Nthawi imeneyi thanzi la a McGregor lidali litayamba kuvuta, ndipo adaphonya misonkhano ingapo. Atatula pansi udindo wa wapampando mu 1892 adapatsidwa ulemu wokhala pulezidenti wa ligi kufikira mu 1894, pomwe John Bentley wa ku Bolton adalowa m'malo mwawo, ndipo mu 1895 adasankhidwa kukhala membala wa moyo wonse. Mawu awo ankamvekabe m'misonkhano, koma chiwongolero chidali m'manja mwa ena. Chimodzi chomwe sadasinthepo maganizo n'chakuti ligi isalimbane ndi FA pa ulamuliro wa mpira m'dzikomo. Ankaona ligi ngati chida chokonzera masewero, chokhala pansi pa bungwe lalikulu, ndipo iwo eni adatumikira FA zaka zambiri.

Masewero oyesana aja adafa imfa yamanyazi. Kuyambira mu 1896 adasinthidwa kukhala kaligi ka matimu anayi, awiri apansi kumwamba ndi awiri apamwamba kumunsi. Mu 1898 matimuwo adali Stoke ndi Blackburn Rovers a m'gawo loyamba, Burnley ndi Newcastle United a m'gawo lachiwiri. Pofika tsiku lomaliza, pa 30 Epulo, Stoke ndi Burnley zidali ndi mapointi anayi iliyonse, zinazo awiriawiri. Stoke ndi Burnley ndizo zinkakumana, ndipo aliyense ankadziwa kuti zikalepherana, zonse ziwiri zikhala m'gawo loyamba, kaya masewero enawo atha bwanji. Zomwe zidachitika pabwalo la Victoria Ground sizidali mpira. Osewera ankangopatsirana ndi kuponyera mpira kunja, osayesa n'komwe kugoletsa, mpaka oonerera adatopa n'kuyamba kuukaniza mpirawo ukagwera kwa iwo. Masewero adatha 0-0. Newcastle idathibula Blackburn 4-0 tsiku lomwelo, koma sizidathandize.

Palibe lamulo lomwe matimu awiriwo adaphwanya, ndipo n'chifukwa chake cholakwa chidaoneka kuti chili m'lamulolo. Pamsonkhano wotsatira ligi idakulitsa magawo onse awiri kufika pa matimu 18, ndipo Blackburn ndi Newcastle zidavoteredwa kulowa m'gawo loyamba, kutanthauza kuti matimu onse anayi omwe ankalimbirana malo awiri adapeza malo. Masewero oyesana adathetsedwa. Kuyambira chaka cha 1898-99, matimu awiri omalizira ankatsika ndipo awiri apamwamba m'gawo lachiwiri ankakwera, popanda voti kapena mayeso ena. Padatenga zaka khumi kuchokera pa kalata ija kuti ndandanda ya mapointi ikhale ndi mawu omaliza. Oyamba kutsika mwa njira imeneyi adali The Wednesday ndi Bolton Wanderers, ndipo okwera adali Manchester City ndi Glossop North End, timu ya m'tauni yaing'ono ya mafakitale yomwe idakhala kumwambako chaka chimodzi chokha. Njira imeneyi ndiyo idafalikira m'maiko ambiri, ndipo ndi yomwe ligi za kuno kwathu, ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe, zidatengera.

Khomo la pansi penipeni lokha ndilo lidakhalabe lotseka. Timu yomalizira m'gawo lotsiriza inkapemphabe malo kwa anzake, ndipo kawirikawiri anzakewo ankaikhululukira. Mwambowu udapitirira ngakhale ligi itakula kufika pa magawo anayi. Udatha mu 1987, pomwe Lincoln City idatsika popanda voti ndipo Scarborough idakwera m'malo mwake. Chaka chomwecho masewero odulirana olimbirana malo okwera adabweranso m'maonekedwe atsopano.

Kwa a McGregor ngati munthu wa Villa, zaka zimenezi zidali zokoma. Timu yawo idatenga ligi mu 1894, 1896, 1897, 1899 ndi 1900. Mu 1897 idatenga ligi ndi FA Cup pamodzi, monga idachitira Preston, itagonjetsa Everton 3-2 mu ndime yomaliza, ndipo m'chaka chomwecho idasamukira ku bwalo lomwe lidadzatchedwa Villa Park. Iwo adali wachiwiri kwa wapampando wa timuyo kuyambira mu 1895, ndipo kenako adakhala wapampando. Adaonanso momwe makwerero adayambira kugwira ntchito mbali zonse. Mu 1901 Preston ndi West Bromwich Albion, ziwiri mwa zolandira kalata ija, zidatsikira limodzi. Mu 1904 Woolwich Arsenal idakhala timu yoyamba ya kummwera kufika m'gawo loyamba. Liverpool idatenga ukatswiri wa gawo lachiwiri mu 1905 ndipo chaka chotsatira idatenga wa gawo loyamba, chinthu chomwe m'masiku a mavoti sichikadaganizirika.

Ngakhale dzina lawo lidatchuka, a McGregor sadasiye sitolo yawo. Ankalemba nkhani za mpira m'nyuzipepala za ku Birmingham, ndipo amalonda ankagwiritsa ntchito dzina lawo potsatsa mipira ndi nsapato zosewerera. Anthu ankawadziwa ndi ndevu zawo zambiri ndi khalidwe lofatsa, ndipo adakali moyo adayamba kale kutchedwa tate wa ligi. Mu 1910 adaona Villa ikutenga ukatswiri kachisanu ndi chimodzi, koma m'chaka chomwecho adadwala kwambiri. FA idawapatsa mendulo yothokoza utumiki wawo wa zaka zambiri atatsala pang'ono kumwalira. Adamwalira pa 20 Disembala 1911 ku Birmingham ali ndi zaka 65, ndipo adaikidwa m'manda a tchalitchi cha St Mary's ku Handsworth, pafupi ndi mkazi wawo Jessie. Pa nthawiyo ligi yomwe adayamba ndi matimu 12 idali ndi matimu 40 m'magawo awiri.

Villa idakhala m'gawo loyamba zaka zina 25 iwo atapita. Mu 1936 idatsika koyamba, pamodzi ndi Blackburn Rovers. Awiriwa ndiwo adali otsiriza mwa 12 oyamba aja omwe adali asadalawe kutsika. Mu 1970 idafika mpaka m'gawo lachitatu, kenako idakweranso n'kutenga ligi mu 1981 ndi chikho cha matimu a ku Ulaya mu 1982. Mu 1992 matimu a m'gawo loyamba adatuluka m'bungwe lomwe a McGregor adayambitsa n'kupanga Premier League, pofuna kudzilamulira okha pa ndalama za wailesi ya kanema, koma kukwera ndi kutsika pakati pa iwo ndi otsalawo adakusiya momwe kudaliri. Mu Novembala 2009 gulu la otsatira Aston Villa lidaimika chiboliboli cha a McGregor kunja kwa Villa Park, ndalama zake zitasonkhedwa ndi ochemerera timuyo.